Mwana wa ku Lunzu akaphunzire kuti?

Awa ndi mawu amene mneneri wa khonsolo ya boma la Blantyre analankhula kwa anthu a m'mawodi a dera la Lunzu pa msonkhano wokambirana za maphunziro. Tawasindikiza kuti amene sanathe kufika nawonso amve.

A wapampando a komiti ya chitukuko cha dera, Gogo Chalo ndi mafumu onse amene muli pano, makhansala athu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi, alezi a ana, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, ndapereka ulemu kwa nonse. Ndikudziwa kuti ena mwatseka maokala ndipo ena mwasiya njinga pasiteji kuti mudzakhale nafe. Ndiyesetsa kuti nthawi yanuyo isapite pachabe.

Ntchito yanga ku khonsolo ndi yonyamula mawu, kuchoka ku ofesi kubwera kwa inu, ndi kuchoka kwa inu kupita ku ofesi. Lero ndatumidwa nkhani ya maphunziro a ana athu, kuyambira mwana wa zaka zitatu mpaka mnyamata kapena mtsikana amene wamaliza fomu 4 ndipo akungokhala pakhomo.

Amene munabadwira kuno mukukumbukira kuti pamene lero pali mipanda ya njerwa ndi mageti a chitsulo panali minda ya chimanga ndi nandolo. Anthu ogwira ntchito ku Blantyre ndi ku Limbe agula malo kuno, ena akuchita lendi, ndipo m'mawa uliwonse maminibasi a mumsewu wa M1 amanyamuka atadzaza. Zomwezi zikuchitika ku Ngumbe, ku Chileka ndi ku Matindi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma lathu, kupatula mzinda wa Blantyre, munali anthu oposa 450,000, ndipo aliyense akuona kuti kuchokera nthawi imeneyo nyumba zangochulukirabe. Pamodzi ndi anthuwo pabweranso zikwangwani. Mukayenda kuchoka pa Kameza kufika kuno, mudzawerenga zikwangwani za masukulu a mkombaphala, za mapulayimale ndi masekondale omwe si aboma, ndi za makoleji olonjeza satifiketi m'miyezi itatu. Makolo athu sankasankha sukulu, chifukwa inalipo imodzi ndipo mwana ankapita komweko. Ife tili ndi mwayi wosankha, koma mwayi umenewu wabwera ndi udindo wofunsa mafunso tisanatulutse ndalama ndi kupereka mwana. Chikwangwani amalemba ndi munthu wa penti, amene sanalowepo m'kalasimo. Zimene ndikufuna tigawane lero ndi mafunso oyenera kufunsa pa msinkhu uliwonse wa mwana, ndi maofesi amene angakuyankheni.

Ndiyamba ndi ana ang'onoang'ono, ndipo pamenepa ndichedwapo. Dzina loti mkombaphala latisokoneza ambiri, moti timaganiza kuti ndi malo ongosungirako ana kuti amayi apite ku geni. Phalalo ndi lofunika, ndipo tisalinyoze: kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, ndipo mwana wopinimbira thupi amavutikanso m'kalasi. Koma kupatula phala, mwana wa zaka zitatu mpaka zisanu amaphunzirako zinthu zimene sitandade 1 imayembekezera kuti wabwera nazo kale. Amaphunzira kukhala pansi ndi kumvetsera nthano mpaka kumapeto, kudikira anzake, kugwira cholembera, kuwerenga timiyala, kusiyanitsa mitundu, kupempha kupita kuchimbudzi, kusamba m'manja. Mphunzitsi wa sitandade 1 amene ali ndi ana odzaza kalasi alibe mpata wophunzitsa mwana mmodzimmodzi zimenezi. N'chifukwa chake boma limatchula maphunziro amenewa kuti m'mera mpoyamba.

Kuno tili ndi mitundu iwiri ya malo oterewa. Pali sukulu za mkombaphala za m'mudzi, zoyendetsedwa ndi komiti ya makolo, zomwe alezi ake ambiri amangodzipereka. Palinso za anthu abizinesi, zolipiritsa pamwezi kapena pa teremu. Zonsezi zimayang'aniridwa ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pano paboma, ndipo zimayenera kulembetsedwa kumeneko. Choncho funso loyamba kwa mwini sukulu ndi lakuti, kodi a ofesi imeneyi akukudziwani? Ngati walembetsa, sangavutike kukuonetsani pepala. Funso lachiwiri ndi lakuti, kodi alezi anaphunzitsidwa za kaleredwe ka ana? Mafunso otsalawo musafunse ndi pakamwa, funsani ndi maso. Pemphani kulowa mkati nthawi imene ana alimo. Onani ngati muli mpweya ndi kuwala, ngati chimbudzi chili ndi dzenje loti mwana sangagweremo, ngati pali madzi ndi sopo, ngati pali bwalo loti ana athamangepo, ndiponso ana angati akuyang'aniridwa ndi munthu mmodzi. Tonse tikukumbukira kolera amene anachedwetsa kutsegulira sukulu mumzinda wa Blantyre mu Januwale 2023. Galaja ya galimoto yopakidwa zithunzi za nyama kunja, mkati muli ana makumi anayi ndi mtsikana mmodzi wantchito, imeneyo si sukulu. Mwini wake akakana kuti muone mkati, yankho mwalipeza kale.

Pali chinthu china chimene chimatikopa ife makolo, ndicho Chingerezi. Mwana wa zaka zitatu akabwera kunyumba akuloweza masiku a sabata m'Chingerezi, timakhutira kuti ndalama zathu zikugwira ntchito. Kuloweza si koipa, koma si muyeso. Mwana wa msinkhu umenewu amaphunzira posewera, poimba, poumba dothi, pofunsa mafunso osatha. Sukulu imene imakhazika tiana pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, n'kumatipatsa homuweki ndi mayeso, ikusangalatsa kholo koma ikutopetsa mwana. Kwa ine, mlezi wa m'mudzi amene ali ndi mpira wachikulunga, zitsekerero za mabotolo zowerengera ndi nthano zambiri angapose sukulu ya yunifolomu yokongola imene ana ake amaopa kuyankhula.

Komabe sukulu za m'mudzizi zili pa vuto limene labwera ndi kukula kwa dera lathu, ndipo mafumu ndikupempha mundimvetsere. Kale sukulu yotere inkadalira munda wake ndi zopereka za mudzi: wina chimanga, wina soya, wina nkhuni, amayi n'kumasinthana kuphika. Lero minda yasanduka mapuloti, ndipo makolo ambiri a ana amenewa ndi a lendi, ochokera ku Mulanje, ku Ntcheu, ku Nsanje kapena kumpoto, amene sadziwa n'komwe dzina la nyakwawa ya pamene akukhala. Iwo amaona ngati sukuluyo ndi ya eni mudzi, eni mudzinso amaona ngati obwerawo akungodya za eni. Mapeto ake phala limasiya kuphikidwa, alezi amagwa ulesi n'kupita kukafuna ganyu, sukulu n'kutsekedwa mwakachetechete. Mwana wa munthu wa lendi ndi mwana wa mudzi umene akugonamo. Alowetseni makolo amenewa m'makomiti, ndipo amene sangathe kubwera kudzaphika chifukwa amalawirira kuntchito apereke ufa kapena ndalama yogulira nkhuni. Eni nyumba za lendi, inunso muli ndi mbali: pamene mukuuza mlendi wanu za tsiku lolipira, muuzeninso kumene kuli sukulu ya mkombaphala ndi tsiku la msonkhano wake.

Tsopano za msinkhu woyambira sitandade 1. Ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Tikulakwitsa mbali ziwiri. Ena timakankhira mwana wa zaka zinayi ku pulayimale chifukwa kulibe fizi, ndipo m'masukulu ambiri a dera lino kumakhala phala, monga la bungwe la Mary's Meals limene linayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002. Mwana wotereyu amangosochera m'khamu, amabwereza kalasi kawiri kapena katatu, ndipo amakula akudziwa kuti iye ndi wolephera pamene vuto linali msinkhu chabe. Ena timachedwetsa mwana mpaka zaka zisanu ndi zinayi, poti sukulu ili kutali kapena akulera mng'ono wake. Werengani nokha: mtsikana woyamba sukulu pa msinkhu umenewo amatha msinkhu ali sitandade 4 kapena 5, pakati pa tiana, ndipo manyazi okha amamutulutsa. Buku la kuchipatala la mwana kapena chiphaso chake cha kubadwa chimathetsa mkangano wa zaka. Pitani nacho polembetsa.

Maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere kuyambira 1994. Chaka chimenecho chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kunena zoona, zipinda zophunziriramo zakhala zikuthamangira chiwerengerocho mpaka lero. Lamulo la maphunziro la 2013 linawonjezera kuti pulayimale ndi yokakamiza, kutanthauza kuti kusunga mwana pakhomo si ufulu wa kholo. Mwana sayenera kubwezedwa pasukulu ya boma chifukwa chosowa yunifolomu. Cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi asapose ana 60, koma aphunzitsi amene muli pano mukudziwa kuti m'makalasi oyambirira a madera ngati lino chiwerengerocho timachidutsa kutali. Sindinabwere kudzabisa zimenezo. Ndi chifukwa chake makolo ena amene ali ndi kangachepe amathamangira ku sukulu zomwe si zaboma, ndipo zina mwa izo zikugwira ntchito yotamandika.

Koma kumenekonso funsani. Sukulu iliyonse yomwe si yaboma iyenera kukhala ndi chilolezo cha unduna wa zamaphunziro. Ofesi ya zamaphunziro ya khonsolo, kapena mlangizi wa maphunziro a pulayimale amene amakhala pa TDC ya zoni yanu, angakuuzeni ngati sukuluyo ikudziwika. Funsaninso kumene ana a sitandade 8 amalembera mayeso a MANEB, ndipo mukapereka ndalama za mayeso musakhutire ndi lisiti la pasukulu lokha, onani umboni woti dzina la mwana lafikadi ku MANEB. Zimamveka kawirikawiri m'dziko muno kuti ana akonzekera chaka chonse, tsiku la mayeso n'kupeza kuti mayina awo kulibe. Chaka chotayika chotero palibe amene amachibweza.

Kaya mwana ali ku sukulu ya boma kaya yolipira, pali muyeso umodzi umene kholo lililonse lingaugwiritse ntchito madzulo ano. Mupatseni mwana wa sitandade 3 buku lake la Chichewa, mutsegule tsamba limene sanaloweze, awerenge mokweza, kenako akuuzeni zimene wamva. Ngati simudziwa kuwerenga, itanani mwana wamkulu wa oyandikana nawo amvetsere. Boma linayambitsa ndondomeko ya kuwerenga m'makalasi oyambirira mu 2016 chifukwa linaona kuti ana ambiri akukwera makalasi osadziwa kuphatikiza zilembo. Mwana amene sanagwire kuwerenga pofika sitandade 4 amangonyamulidwa ndi khamu mpaka mayeso a sitandade 8 adzamutsitse. Mukaona vuto, pitani kwa mphunzitsi teremu isanathe, musadikire lipoti.

Ndinenepo ziwiri za kuno kwathu kwenikweni. Choyamba ndi msewu. M1 ndi msewu wa magalimoto akuluakulu ndi njinga zamoto zosawerengeka, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sadziwa kuyeza liwiro la galimoto. Ngati pali sukulu mbali yanu ya msewu, ganizirani kawiri musanamutumize kutsidya. Ngati n'kosatheka, makomiti a sukulu akonze akuluakulu owolotsa ana m'mawa ndi poweruka. Chachiwiri ndi msika. Msika wa Lunzu ndi chuma chathu, koma aphunzitsi amadziwa tsiku la msika osayang'ana kalendala, amangoona mipata m'kalasi. Ana ali kogulitsa majumbo, kunyamula katundu, kapena m'nyumba zoonetsera mavidiyo. Mafumu ndi komiti ya msika, malamulo a m'dera amene munagwirizana pa nkhani imeneyi asakhale a m'kope chabe.

Sukulu ya boma ndi yanu, ndipo muli ndi njira zoyankhulira: komiti yoyendetsa sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndi gulu la amayi loyang'anira atsikana. Sukulu iliyonse ya pulayimale ya boma imalandira ndalama zotukulira sukulu kudzera ku khonsolo. Si zambiri, koma muli ndi ufulu wodziwa kuti zabwera zingati ndipo zagula chiyani. Kufunsa zimenezi pa msonkhano si mwano kwa a hedi.

Gogo Chalo, mundilole ndikhudze nkhani ya malo, ngakhale ndikudziwa kuti ndi yowawa. Puloti kuno yakwera mtengo, ndipo chiyeso chogulitsa kachidutswa kalikonse n'chachikulu. Tikuona mabwalo a mpira a masukulu akuchepa chaka ndi chaka, munthu akulima mzere umodzi chaka chino, chaka chamawa wamanga mpanda. Tikuonanso midzi yathunthu ikugawidwa mapuloti popanda kusiya malo a sukulu, a mkombaphala kapena a chipatala cha ana. Nyumba zimenezo zidzadzaza ndi mabanja, ndipo mabanjawo adzabwera ku khonsolo kudzapempha sukulu. Ndalama zomangira zikhoza kupezeka, kuchokera ku thumba la chitukuko cha dera la phungu, ku thumba la chitukuko cha boma kapena kwa abwenzi, koma khonsolo singamange mlengalenga. Lamulo la 2016 loona za kakonzedwe ka malo linaika dziko lonse pansi pa mapulani, osati mizinda yokha, choncho musanagawe malo aakulu itanani a ofesi ya malo ya khonsolo. Masukulu amene alipo kale ayezetse malire awo ndi kubzala mitengo m'malirewo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba m'chigawo chino, anthu ambiri anathawira m'makalasi. Malo a sukulu amatisunga m'njira zambiri.

Za sekondale ndidutsa mwachangu, chifukwa ambiri mukuzidziwa. Akakhoza sitandade 8, ana ena amasankhidwira ku sekondale zogonera komweko, ambiri ku ma CDSS oyendera, ndipo ena ochuluka dzina lawo silituluka ngakhale anakhoza, chifukwa malo ndi ochepa. Dzina likapanda kutuluka, mwana sanathere pomwepo. Masekondale ambiri a boma ali ndi makalasi a masana a ana osasankhidwa, amene timawatcha open, ndipo ana ake amalemba JCE ndi MSCE yomweyo. Amene akusowa thandizo afike ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kudzera kwa a hedi ndi komiti ya m'mudzi, kuti aganiziridwe pa mabasale. Mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba ali ndi ufulu wobwerera akabereka, ndondomeko imeneyi ilipo kuyambira 1993, ndipo kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe. Chenjezo langa ndi limodzi: kuchitira mtsikana wa fomu 1 lendi kachipinda kuseri kwa malo omwera mowa kuti akhale pafupi ndi sukulu, popanda wamkulu womuyang'anira, ndi kumuika pakamwa pa ng'ona. Mwana akakhala pa chiopsezo, nambala ya 116 ndi yaulere.

Ndafika pa gawo limene achinyamata akumbuyoko abwerera. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo ngakhale mwa amene ali nawo, malo sakwanira onse. Tsono funso limene makolo ambiri amandifunsa ndi lakuti, mwana wangayu ndimutani? Ena amamubwerezetsa fomu 4 katatu. Ena amamugulira njinga ya kabaza. Ochepa okha amaganiza za ntchito zamanja, ndipo akaziganiza amazitchula motsitsa mawu, ngati akunena za maliro.

Tayang'anani nyumba zimene zikumangidwa m'dera lino. Iliyonse ikufuna womanga, wokhoma denga, wolumikiza magetsi, woika mapaipi, wowotcherera geti ndi mawindo, woika matailosi, wopaka penti, ndipo masiku ano woika sola. Njinga zamoto zonse zili pasitejizi zimafuna makaniko. Mafiriji a m'mabutchala ndi m'magolosale amawonongeka. Sukulu zonse ndatchula zija zimafuna telala wosoka yunifolomu ndi kalipentala wokhoma madesiki. Ndalama imeneyi ikutuluka tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri eni nyumba amakatenga mmisiri ku Ndirande kapena ku Limbe chifukwa kuno sanapeze womudalira. Tauni yabwera pakhomo pathu, koma ana athu akuionerera.

Maphunziro a ntchito zamanja amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999. Olemba anthu ntchito amapereka 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro a antchito awo ku thumba la maphunziro amenewa, ndipo ndi chifukwa chake wophunzira wosankhidwa kudzera ku TEVETA amalipira zochepa poyerekeza ndi mtengo weniweni wa maphunzirowo. Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja alipo asanu ndi awiri: Soche kuno ku Blantyre, Nasawa ku Zomba, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuti mulowe kumeneko pamafunika MSCE, ndipo TEVETA imalengeza m'nyuzipepala ndi pa intaneti nthawi yolembera ikakwana. Werengani chilengezocho bwinobwino, chifukwa maphunziro ofunika amasiyana malinga ndi ntchito. Za magetsi, mwachitsanzo, zimafuna masamu ndi sayansi. Wophunzira amakhala miyezi ina m'kalasi, miyezi ina kukampani kapena kwa kontirakitala, ndipo amakwera magawo mpaka kulandira satifiketi yodziwika m'dziko lonse. Kuyambira 2015, pamene koleji ya Ngara ku Karonga inatsegulidwa, boma lakhala likukhazikitsanso makoleji a ntchito zamanja a m'madera, ndipo palinso malo ang'onoang'ono ophunzitsira luso amene amalandira ngakhale amene sanafike fomu 4. Mabungwe ndi mipingo nayonso ili ndi sukulu zake, monga ya DAPP ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Ofesi ya zantchito ndi ofesi ya achinyamata ku khonsolo ndi kumene mungafunse za malo amene akulandira ophunzira pakali pano.

Apa ndi pamene zikwangwani zija zimadya anthu kwambiri, chifukwa fizi yake ndi yaikulu ndipo kholo limagulitsa mbuzi kapena kutenga ngongole ku banki mkhonde. Koleji iliyonse yophunzitsa ntchito zamanja iyenera kulembetsedwa ku TEVETA. Pemphani kuona chiphasocho, ndipo onani ngati ntchito imene mwana wanu akufuna ili m'gulu la zimene analoledwa kuphunzitsa. Funsani kuti mayeso amachokera kuti ndipo satifiketi imasainidwa ndi ndani, chifukwa pepala losindikizidwa ndi mwini koleji yekha limagwira ntchito pageti pake pokha. Kenako pitani kumene amaphunzirira ntchitoyo mukawerenge zipangizo. Ngati ophunzira utelala ali makumi atatu ndipo makina osokera ndi awiri, mwana wanu adzamaliza akudziwa kujambula diresi pabolodi. Funsaninso kumene ophunzira a chaka chatha anakachitira maphunziro a pantchito, ndipo mukapezeko mmodzi mucheze naye.

Njira ina ndi imene amisiri ambiri a pamsika pano anadzera, yophunzira kwa mmisiri mnzawo. Ndi njira yolemekezeka ndipo ndi yotsika mtengo, koma ili ndi mbuna zake. Mnyamata amatha zaka zitatu pagalaja akungotsuka zitsulo ndi kutumidwa kukagula chipisi, injini osaigwira. Musanamupereke mwana, khalani pansi ndi mmisiriyo pamaso pa mboni, ngakhale nyakwawa, mulembe pakapepala kuti adzaphunzira chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, mudzalipira zingati, ndipo akayamba kugwira ntchito za makasitomala adzalandirako chiyani. Kumbukiraninso kuti lamulo la zantchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana zaka 18 sayenera kugwira ntchito yoika moyo wake pa chiswe. Kuwotcherera popanda magalasi oteteza maso si kulimba mtima. Kwa inu amisiri amene muli ndi luso koma mulibe pepala, TEVETA ili ndi ndondomeko yoyesa luso limene munthu analipeza kale pantchito ndi kumupatsa satifiketi, osabwerera m'kalasi kuyambira pachiyambi. Pepala limenelo ndi limene makampani ndi makontirakitala amafunsa, ndipo ndi limene limasiyanitsa malipiro a mmisiri ndi a wothandizira.

Amayi, ntchito zimenezi si za anyamata okha. Tazolowera kuti mtsikana akatchula ntchito zamanja timamuloza ku utelala kapena ku saluni, kumene opikisana nawo ndi ambiri kale. Waya wa magetsi safunsa kuti wamugwira ndi ndani. Atsikana amalimbikitsidwa kulembera ntchito monga zamagetsi, zamapaipi ndi zomangamanga, ndipo mwini nyumba amene amasiya mkazi ndi ana pakhomo masana nthawi zambiri amamasuka kulowetsa mmisiri wamkazi.

Tisaiwale ana aulumali, amene ena mwa iwo tikuwabisabe m'nyumba. Sukulu ya boma siyenera kukana mwana chifukwa cha ulumali, ndipo aphunzitsi a maphunziro apadera amaphunzitsidwa pafupi pompa, ku koleji ya Montfort ku Nguludi, kumenenso kuli sukulu ya ana osamva ya Maryview. Achikulire aulumali angafunse za malo ophunzitsira ntchito a ku Magomero a bungwe limene ambiri timalidziwa kuti MACOHA. Ndipo kwa bambo kapena mayi amene sukulu inamudutsa, sukulu za kwacha zilipobe pansi pa ofesi ya chitukuko cha m'midzi. Kholo lodziwa kuwerenga ndi limene lingamvetsere mwana wa sitandade 3 uja madzulo.

Pomaliza, khonsolo ili ndi pempho kwa makomiti a chitukuko a m'midzi. Mapulani a chitukuko cha boma amachokera ku zimene midzi yalemba, ndipo chimene sichinalembedwe sichipatsidwa ndalama. Tikupempha komiti iliyonse iyende khomo ndi khomo, osadumpha nyumba za lendi, ilembe ana a zaka zitatu mpaka zisanu amene sapita ku mkombaphala, ana a msinkhu wa pulayimale amene ali pakhomo ndi chifukwa chake, ndi achinyamata amene akufuna kuphunzira ntchito ndi ntchito imene akufunayo. Lembaninso sukulu zonse za mkombaphala ndi makoleji amene ali m'mudzi mwanu, ngakhale a kuseri kwa nyumba, komanso amisiri amene ali okonzeka kuphunzitsa ena. Cholinga si kutsekera munthu bizinesi, koma kuti amene sanalembetse athandizidwe kulembetsa ndipo alezi awo aphunzitsidwe. Mafumu atisonyezenso malo amene angasungidwe kuti padzakhale sukulu. Zonsezi zipite kwa a wapampando a komiti ya dera, amene adzazipereka ku khonsolo kudzera kwa makhansala.

Anzanga a ku ofesi ya zamaphunziro, ya chisamaliro cha anthu ndi ya zantchito ali pano, ndipo mafunso okhudza sukulu inayake ayankha ndi iwo. A wapampando, ndabweza mpando kwa inu.